Njira za pa phiri la Mulanje ndi anthu amene anazipondaponda

Mukafika pa ofesi ya za nkhalango ku Likhubula m'mamawa m'mwezi wa Juni, mupeza anyamata atakhala pamiyala, manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu, akudikira alendo. Mlendo amabwera ndi nsapato zokhuthala, ndodo ziwiri ndi chikwama chofufuma. Chikwamacho chimathera pamsana pa mnyamata wa nsapato zong'ambika, koma woyamba kufika pamwamba amakhala iyeyo.

Mabuku a azungu amayamba mbiri ya phirili ndi David Livingstone, amene analiona mu 1859. Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ali ndi yawo. Kwa iwo phirili ndi mudzi wa mizimu. Agogo amati wokwera akhoza kupeza chakudya chophikaphika panjira, ndipo lamulo lake nkudya mwakachetechete, osaitana mnzako. Nsonga yayitali kuposa zonse, ya mamita 3,002, anaitcha Sapitwa. Dzinalo ndi chenjezo lokwanira.

Chimene chinakokera anthu ambiri kumtunda si kukongola kwa malo ayi, koma mtengo. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa boma la atsamunda, anakwera phirili natola zitsanzo za mkungudza, mtengo wonunkhira umene chiswe chimaulephera. Asayansi anaupatsa dzina lake, Widdringtonia whytei. Posakhalitsa macheka anayamba kulira, ndipo mu 1927 boma linalengeza phirili kukhala nkhalango yotetezedwa. Thabwa lochekedwa ku Chambe kapena ku Lichenya linkatsika pamutu pa munthu, pa nkhata, mwini wake ali chothamanga, osavala nsapato, pamiyala yoterera. Pambuyo pake anamanga chingwe chotsitsira matabwa kuchokera ku Chambe, koma mitu ya anthu sinapume. Njira zambiri zimene alendo amajambulirapo zithunzi lero zinakhwima ndi mapazi amenewo.

Nyumba zogonamo nazo zinayamba ndi ntchito za nkhalango. Kalabu ya okwera phiri, imene lero imatchedwa Mountain Club of Malawi, itayamba m'zaka za m'ma 1950, inagwirizana ndi a zankhalango posamala nyumbazi: Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu, kenako Chisepo, pamene amagona ofuna Sapitwa. Pa nyumba iliyonse pali mlonda wotunga madzi ndi kusonkha moto. Amene anagonapo ku Thuchila usiku wa Julayi amadziwa kuti mlonda ameneyu ndi wofunika kuposa chilichonse chimene chili m'chikwama.

Phirili limapha, ndipo kawirikawiri chimayambitsa ndi nyengo. Chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique, imagwa mwadzidzidzi mpaka munthu osaona phazi lake. Mu 1949 Fred France, mkulu wa zankhalango amene ankaperekeza mlembi Laurens van der Post, anakokoloka powoloka mtsinje wosefukira kumtunda kwa chigwa cha Ruo. Mu Julayi 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil anabweza womulondolera njira n'kupitiriza yekha ku Sapitwa; mtembo wake unapezeka patatha pafupifupi masabata atatu. Ena amati mizimu, ena amati chisanu. Ine ndimangoona kuti anabweza munthu wodziwa njira. M'filimu ya moyo wa Buchmann imene inatuluka mu 2017, anthu amene anakumana naye paulendowo anasewera mbali zawo eni ake.

Onyamula katundu anadzapeza tsiku lawo. Chaka chilichonse pamachitika mpikisano wa Porters Race, woyambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa cha ku Lichenya, n'kutsikanso. Ndi mtunda wopitirira makilomita 20 umene mlendo amaugawa masiku awiri kapena atatu, koma opambana amaumaliza m'maola osakwana atatu. Unayamba ngati wa onyamula katundu ndi olondolera njira okha. Lero amathamanga nawo amayi, ndiponso alendo ochokera kunja, amene ambiri amangoona misana ya eni phiri.

Mkungudza uja, umene Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu: kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri a Mulanje ndi Phalombe, miyala n'kukwirira midzi ya m'munsi. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha miyambo ndi chikhulupiriro cha anthu olizungulira. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust likudzala mbande za mkungudza kumtunda, ndipo mbandezo zimakwera pamitu ya anthu a m'midzi yomweyo, kudzera njira zimene matabwa ankatsikira.