Nyimbo za Makolo M'makina a Masiku Ano

Amene anakwerapo mapiri a Mphunzi, m'boma la Dedza, anaona zithunzi za mitundu iŵiri pamiyala. Zofiira ndi za Akafula, anthu akale a m'dziko muno. Zoyera ndi za Acheŵa, ndipo zimakhudza Nyau ndi chinamwali. Pena wojambula wa pambuyo anaika choyera pamwamba pa chofiira, osafafaniza cha mnzake. Malo ameneŵa ndi mbali ya Chongoni, imene bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Zimene zinachitika pamiyala imeneyi zachitikanso m'nyimbo za Malaŵi, ndipo ndiyo nkhani ya lero.

Nkhaniyi iyambira pa Hugh Tracey, amene anayendera dziko lino m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, akali kulitcha Nyasaland. Iye anajambula mau a oimba a kumidzi, oliza bangwe, kalimba ndi ng'oma. Nyimbozo zinakasungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene anaikhazikitsa ku South Africa mu 1954. Tracey anamwalira mu 1977, ndipo chaka chotsatira nyumbayo inasamukira ku Rhodes University. 

M'zaka zomwezo kunja kunabadwa luso lina. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, King Tubby anayamba kutenga nyimbo yotha kale, nachotsamo mau a woimba, nakweza ng'oma ndi besi, naonjezamo kulira kobwerezabwereza konga kwa m'phanga. Imeneyi ndiyo dub. Inaonetsa kuti munthu wokhala pa makina osakanizira mau akhoza kukhala mmisiri wa nyimbo ngakhale asaimbe. Ku Chicago, Frankie Knuckles anayamba kuvinitsa anthu pa Warehouse mu 1977, ndipo mmenemo munatuluka house, imene Larry Heard anaifeŵetsa nikhala deep house. Ku Detroit, Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson anapanga techno ndi makina oliza ng'oma popanda chikopa. Pofika 1993, a Basic Channel ku Berlin anali ataphatikiza dub ndi techno.

Njira ziŵirizi zinakomana mu 2016, pamene chinatuluka chimbale chotchedwa Beating Heart Malawi. Amisiri monga Rudimental, Machinedrum ndi Luke Vibert anapatsidwa zimene Tracey anajambula kuno. Iwo anadula timagawo ta mau, nawabwereza, nayala pansi pake kugunda kwa makina. Motero mau ojambulidwa pabwalo la mudzi anamveka m'nyumba zovinira za ku London. Izi zisanachitike, Esau Mwamwaya wa ku Lilongwe anali ataimba kale m'Chicheŵa pa nyimbo za makina m'gulu la The Very Best, limene linatulutsa Warm Heart of Africa mu 2009.

Koma pali funso lofunika kuliganizira mofatsa. Nyimbo ikavekedwa chovala chatsopano, mwini wake ndani? Dzina la wosakaniza limalembedwa moonekera, pamene la mai amene anaimba pamtondo limabisika m'mabuku a nyumba yosungira zakale. Komanso si nyimbo zonse zoyenera kutuluka: za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo makina sadziŵa mwambo.

Chifukwa chake achinyamata a ku Dedza ndi maboma ena, amene lero akupanga nyimbo pa kompyuta, achite monga anachitira wojambula wa ku Mphunzi. Aonjeze zao, koma zakale zizionekabe. Ayambe apempha kwa akuluakulu, alembe dzina la woimba ndi la mudzi wake, ndipo phindu likapezeka lifikenso kwa adzukulu a mwini mau.