Gyeongju: mzinda womwe manda a mafumu ali pakati pa tauni

Alendo ambiri opita ku South Korea amathera ku Seoul, koma mbiri yakale ya dzikolo inasungika kwambiri ku Gyeongju, mzinda wa m'chigawo cha North Gyeongsang, kummwera chakummawa. Mzindawu unali likulu la ufumu wa Silla kwa zaka pafupifupi 1,000, kufikira pamene ufumuwo unagwa mu 935.

Sitima yothamanga kwambiri ya KTX imayenda maola pafupifupi awiri kuchokera ku Seoul. Siteshoni ili kunja kwa tauni, choncho mlendo amakweranso basi kapena takisi.

Pakati pa tauni pali zitunda zikuluzikulu zomera kapinga. Amenewa ndi manda a mafumu ndi akuluakulu a Silla, ndipo kukwera pamwamba pake ndi mlandu. Manda a Cheonmachong, omwe anafukulidwa mu 1973 n'kupezamo chisoti chachifumu chagolide, ndi otsegula kuti anthu azilowamo. Chapafupi pali Cheomseongdae, nsanja yamiyala yoonerapo nyenyezi, yomwe inamangidwa mu ulamuliro wa Mfumukazi Seondeok m'zaka za m'ma 600.

Tsiku limodzi silikwanira. Lachiwiri ndi loyendera kachisi wa Chibuda wa Bulguksa ndi phanga la Seokguram paphiri la Toham, zomwe bungwe la UNESCO linaziika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1995. Anthu amapembedzabe m'kachisiyu, kotero wolowa m'zipinda zake amavula nsapato ndi kuchepetsa mawu.

Nyengo yabwino yokacheza ndi Epulo ndi Okutobala, chifukwa mu Julayi kumagwa mvula yambiri, pomwe mu Januwale kumazizira koopsa.