Mphesa za ku Beaune: Mboni ya Nyengo

M'nkhani yathu ya mbiri yakale lero tikupita ku France, kumzinda waung'ono wa Beaune m'chigawo cha Burgundy, kumene anthu akhala akulima mphesa ndi kupanga vinyo kwa zaka mazanamazana. Chimene tikukafuna kumeneko ndicho mbiri ya nyengo, imene alimi a mphesa anatisungira osadziŵa n'komwe kuti akusunga chuma.

Tiyambe ndi khalidwe la mpesa. Ku Ulaya chisanu chimakula kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndipo nthaŵi imeneyo mpesa umayoyola masamba n'kugona. Kukayamba kufunda, cha m'Epulo, umaphukira. M'Juni umachita maluŵa. Ndipo pakapita masiku ngati 100 mphesa zimakhala zitapsa. Chofulumiza kapena kuchedwetsa zonsezi ndicho dzuŵa. Kukafunda bwino pakati pa Epulo ndi Ogasiti, mphesa zimadzaza shuga msanga, ndipo shugayo ndiye amasanduka ukali wa vinyo pamene madzi a mphesa akuŵira. Kukakhala kozizira ndi kwa mitambo, mphesa zimachedwa, zimakhala zosasa, vinyo wake n'kukhala wosukuluka. Motero tsiku lokolola limaulula m'mene chaka chonse chayendera.

Kale ku Burgundy munthu sankangodzuka n'kuyamba kuthyola mphesa m'munda mwake. Akuluakulu a mzinda ankayamba atuma anthu odziŵa kukayendera minda, kenaka n'kulengeza tsiku loyamba kukolola. Lamuloli linkaletsa kuthyola zosapsa, linkachepetsa kuba, ndiponso linkathandiza eni nthaka ndi akuluakulu a mpingo kutenga gawo lawo la zokolola. Alembi a mzinda ankalemba tsikulo, nawonso a tchalitchi ankalemba masiku amene analipira aganyu othyola mphesa. Anthuŵa ankangosamala za ndalama ndi malamulo, pakuti chipangizo choyezera kutentha chinadzatulukira m'zaka za m'ma 1600.

Munthu amene anatchukitsa phindu la mabuku otereŵa ndi Emmanuel Le Roy Ladurie, katswiri wa mbiri yakale wa ku France, m'buku lake la mbiri ya nyengo la m'chaka cha 1967. Pambuyo pake, mu 2019, Thomas Labbé ndi anzake anasindikiza mndandanda wa masiku okolola a ku Beaune kuyambira 1354 mpaka 2018.

Kodi mndandandawo ukunenanji? Ukutionetsa zaka za ng'amba, monga 1540, pamene maiko ambiri a ku Ulaya anakhala miyezi yambiri osaona mvula yeniyeni, mitsinje inaphwa, mphesa zina n'kufotera pamtengo. Mu 1556 namo munatentha kotero kuti kukolola kunayamba m'Ogasiti, mwezi wathunthu isanakwane nthaŵi yake.

Ukutionetsanso zaka zozizira, ndipo chotchuka pa zonsezi ndi 1816. M'Epulo chaka cha 1815 phiri la Tambora, pa chilumba cha Sumbawa ku Indonesia, linaphulika moto n'kuponya phulusa ndi utsi kutali mumlengalenga. Utsiwo unafalikira padziko lonse n'kuchepetsa mphamvu ya dzuŵa. Chaka chotsatira ku Ulaya kunali mvula ndi kuzizira m'miyezi imene kumayenera kufunda. Tirigu anakanika, njala inagwa, ndipo ku Burgundy mphesa zinathyoledwa kumapeto kwa Okutobala, zochepa ndi zosasa. Mlimi wa ku Beaune sankadziŵa za phiri la kutalilo, koma mpesa wake unalimva.

Tsopano tcherani khutu, omvera, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Kuyambira 1354 mpaka 1987, zaka zotentha ndi zozizira zinkasinthana, koma tikaziphatikiza zonse, tsiku lokolola linkagwa cha pa 28 Seputembala. Kuyambira 1988 mpaka 2018 tsikulo linasendera pa 15 Seputembala: kufulumira kwa masiku 13. Mu 2003, chaka chimene kutentha kunapha anthu zikwizikwi ku Ulaya, mphesa zinathyoledwanso m'Ogasiti. Zaka zotentha zimene makolo ankaziona mwa apo ndi apo, n'kumazisimba kwa adzukulu, zasanduka zaka wamba. Akatswiri a zanyengo amagwirizana kuti gwero lake ndi kutentha kwa dziko kobwera ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi.

Wina anganene kuti kufunda n'kwabwino, popeza mphesa zikupsa bwino. Zoonadi, zaka za mphesa zosapsa zachepa. Koma mtundu wa mpesa wotchedwa Pinot Noir, umene unatchukitsa Burgundy, umakoma ukapsa pang'onopang'ono. Dzuŵa likanyanya, shuga amachuluka, kakusasa kokometsa vinyo kamatha, ndipo vinyoyo amangokhala waukali. Choopsa china nchakuti kukafunda msanga mpesa umanyengeka n'kuphukira chisanu chisanatheretu. Izi zinachitika mu 2021: kumapeto kwa Malichi kunafunda, mphukira zinatuluka, ndipo kumayambiriro kwa Epulo chisanu chinabwerera usiku. Alimi anachezera kuyatsa makandulo aakulu m'mizere ya minda kuti afunditse mphukirazo, komabe zambiri zinapserera, ndipo zokolola za chaka chimenecho zinachepa kwambiri.

Alembi akale aja sanali akatswiri a sayansi. Anali anthu osatopa ndi kulemba tsiku limodzi chaka ndi chaka, ndipo chifukwa cha khama lawolo lero tikutha kusiyanitsa chaka choipa chongodutsa ndi kusintha kwenikweni kwa nyengo. Nanunso amene mumalemba m'kabuku tsiku la mvula yoyamba, tsiku lobzala ndi tsiku lokolola, musaleke, ndipo kabukuko musakataye.