Za Mudzi wa Mzimba ndi Mtsinje Wace

Munthu wocokera ku Kasungu, atapyola Jenda, afika pamphambano: njira ya kudzanja lamanja ikwera mapiri a Viphya kumka ku Mzuzu, ya kumanzere itsikira ku Boma la Mzimba. Mudziwu unatenga dzina lace pa mtsinje wa Mzimba, umene uturuka m'mapiri omwewo a Viphya, m'mene muli nkhalango za Luwawa ndi Cikangawa. Ngakhale nyanja iri kum'mawa, madzi ace ayamba alunjika kumadzulo, nathira mu Rukuru. Ndipo Rukuru awatenga kumpoto, napyola nao pampata wa Njakwa kufupi ndi Rumphi, nawafikitsa kunyanja.

Kale dziko ili linali la Atumbuka. Angoni anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, mfumu yao ndiye Zwangendaba. Atamwalira iye ku Ufipa, mwana wace M'mbelwa anabwera ndi khamu lalikuru ngati m'caka ca 1855, nakhala m'cigwa ca Kasitu ndi pafupi pa phiri la Hora. Midzi yao inali yaikuru, ng'ombe zao zambirimbiri. Ndipo polima mawere anali kugwetsa mitengo ndi kuitentha. Zitapita zaka, nkhuni zinasowa, nthaka inaguga, ndipo anthu anayamba kusamukira kumwera ndi kumadzulo, kufuna tsala ndi madzi.

Taonani m'mene onse anatsatira anthuwo. M'caka ca 1902 Donald Fraser wa Misyoni ya Livingstonia anacoka ku Hora, nakamanga Loudon ku Embangweni. M'caka ca 1904 Bwanamkubwa Alfred Sharpe anakomana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni, ndipo analowa pansi pa Boma popanda nkhondo. Bwana woyamba wa dzikolo anali Hector MacDonald. Ndipo m'zaka zotsatira Boma linakhazikika m'mbali mwa mtsinje wa Mzimba.

Ndi Boma unadza msonkho, ndi msonkho unadza ulendo: amuna ambiri anamka ku Bulawayo ndi ku Joni kukafuna ndalama, ena osabweranso. M'caka ca 1915 mfumu Cimtunga anakana kupereka amtengatenga a kunkhondo ya Ajeremani, ndipo Boma linamcotsa paufumu, nilimpitikitsira ku Ciromo.

Koma ukuru wa Mzimba sunakhalitse. M'caka ca 1947 anayamba minda ya tung ku Mzuzu. Malowo anakula msanga, nasanduka likulu la cigawo ca kumpoto, nachedwa mzinda m'caka ca 1985. Mseu waukuru naonso unadzera pamwamba pa Viphya, nulambalala Boma. Powerenga anthu m'caka ca 2018 anapeza m'mudzimo anthu oposa 26,000, ngakhale dziko la Mzimba liposa maboma onse a Malawi kukula kwace.

Tsono mbiri iyi itiphunzitsanji? Makolo athu, pakutha mitengo, anali ndi kosamukira. Ife tiribe, pakuti dziko ladzala. Madzi amene timwa ku Boma acokera kuphiri, ndipo moto wolusa ndi nkhwangwa za ootcha makala zikatha mitengo ya kumeneko, mtsinje udzasefukira m'dzinja ndi kuphwa m'cirimwe. Wokonda mudzi wa Mzimba ayambe wasunga Viphya.