Pakati pa Fodya ndi Njovu: Mbiri ya Kutsatsa Paki ya Kasungu

Ntchito yokopa alendo imasiyana ndi malonda ena chifukwa katundu wake sanyamulidwa kupita kumsika, koma wogula ndiye amayenda ulendo wautali kudzaona chimene anauzidwa, ndipo n'chifukwa chake boma ndi eni malonda sangaiyendetse aliyense payekha. Boma ndilo limasunga nkhalango, kulambula misewu ndi kupereka ziphaso zolowera m'dziko, pamene eni mahotela, malo ogona ndi makampani onyamula alendo ndiwo amadziwa chimene mlendo amafuna ndiponso mtengo umene angalipire. Kutsatsa kokhalitsa, monga akatswiri amakutchulira masiku ano, ndi kuitana alendo m'njira yoti chimene akudzaonacho chisawonongeke, komanso kuti anthu oyandikana nacho apindule. Mbiri ya paki ya Kasungu, imene ili kumpoto chakumadzulo kwa Santhe, ikusonyeza mmene mgwirizano woterewu wayendera m'Malawi, ndi amene wakhala akuwasiya kunja.

Nkhalangoyi inayamba kutetezedwa mu 1922, pamene boma la atsamunda linasamutsa anthu m'deralo chifukwa cha matenda a kaodzera amene amafalitsidwa ndi kashembe. Mu 1930 inasanduka malo osungira nyama, ndipo mu 1970 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene kwawo kunali ku Kasungu komweko, linaikweza kukhala paki, malo oposa masikweya kilomita 2,300 m'malire a dziko la Zambia. M'zaka zimenezo munali njovu zoposa 1,000, ndipo alendo ankagona pa Lifupa, m'mbali mwa damu limene nyama zinkabwera kudzamwako madzi.

Nthawi imeneyo boma linali wotsatsa komanso mwini wa malonda. Lamulo loyang'anira zokopa alendo ndi mahotela linakhazikitsidwa mu 1968, mahotela akuluakulu ambiri anali m'manja mwa mabungwe a boma, ndipo dzina loti Warm Heart of Africa linayamba kumveka m'timabuku toitanira alendo. Ambiri mwa alendowo ankachokera ku South Africa, dziko limene Malawi anakhazikitsa nalo ubale wa ukazembe mu 1967 pamene maiko ena a mu Africa ankalisala chifukwa cha tsankho, ndipo ankathamangira kunyanja, ku Mangochi ndi ku Salima. Boma lomwelo limene linkaitana alendo linakhazikitsanso mu 1973 lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, lamulo limene linatchuka kunja mwina kuposa timabuku tonse totsatsa dzikoli.

Chimene chinasintha Kasungu kwenikweni sichinali mlendo, koma fodya. Zigwa za Santhe ndi madera ozungulira zinadzaza ndi maesiteti, ena a makampani aakulu monga Press, ena a anthu amene analandira malo a lizi, ndipo mabanja ambirimbiri anabwera kuchokera m'maboma ena kudzalima ngati matenanti. Fodya woumitsa m'mabarani amafuna nkhuni zambiri, pamene wa bale amafuna milimo ndi udzu womangira zigafa, kotero mitengo ya m'midzi inatha msanga ndipo maso a anthu anatembenukira kunkhalango yotetezedwa. Minda inafika pamalire penipeni pa paki, opha nyama mozembera anachuluka, ndipo pofika 2015 njovu zimene zinawerengedwa zinali pafupifupi 50 zokha. Fodya ankabweretsa kuposa theka la ndalama zakunja za dziko lino, choncho palibe amene akanayerekeza kuika paki patsogolo pa mbewu imeneyi, ndipo eni makampani onyamula alendo, amene sangagulitse nkhalango yopanda nyama, anangoichotsa Kasungu pa maulendo awo.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, boma linayamba kuchepetsa dzanja lake m'malonda, ndipo kutsatsa kunakhala ntchito yogawana. Pamtengo wa chipinda chogona pamaonjezedwa msonkho wa 1 peresenti wothandizira kutsatsa, eni malonda ali ndi bungwe lowayankhulira lotchedwa Malawi Tourism Council, ndipo ena mwa iwo amasonkha ndalama kudzera m'gulu la Malawi Travel Marketing Consortium kuti dzina la Malawi limveke kwa ogulitsa maulendo a ku Ulaya. Mbali ziwirizi zimaonekera limodzi pa zionetsero za ku Berlin, London ndi Durban, ndipo kuyambira 2017 pakhala chionetsero cha kwathu konkuno cha Takulandirani. Zipatso zake zinaoneka: kampani yolemba mabuku a apaulendo ya Lonely Planet inaika Malawi pa maiko khumi oyenera kuyendera mu 2014 ndiponso mu 2022, ndipo mu 2024 boma linachotsa chiphaso cha viza kwa nzika za maiko 79, chinthu chimene eni malonda anakhala akupempha kwa zaka zambiri.

Koma nkhani imene inagulitsa Malawi koposa inali ya kubwerera kwa nyama, ndipo inalembedwa kwina, osati ku Kasungu. Bungwe la African Parks linapangana ndi boma kuyendetsa Majete mu 2003, kenaka Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, ndipo linayamba ndi kumanga mipanda, kuphunzitsa alonda ndi kukopa eni malo ogona. Kusamutsa njovu pafupifupi 500 kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017 kunalembedwa m'manyuzipepala a dziko lonse lapansi. Kasungu inatsala m'manja mwa nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, mothandizidwa ndi bungwe la IFAW, ndipo pangano la 2015 pakati pa Malawi ndi Zambia linaiphatikiza ndi paki ya Lukusuzi kukhala dera limodzi losamalidwa ndi maiko awiri.

Mwayi wa Kasungu unafika mu 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde pamodzi ndi nyama zina mazanamazana. Zithunzi za njovu zikukwezedwa m'magalimoto zinafalikira ponseponse, ndipo kwa otsatsa inali nkhani yokoma kwambiri. Komabe walira mvula walira matope: mpanda wamagetsi wa kum'mawa kwa paki unali usanathe, mbali ya ku Zambia inali yotseguka, ndipo njovu zachilendozo zinalowa m'minda ya chimanga, zinagumula nkhokwe, ndi kupha anthu angapo mbali zonse ziwiri za malire. Pofika 2025 anthu ena okhudzidwa anali atayamba kufuna chipukuta misozi kwa IFAW kudzera mwa maloya a ku Britain, ndipo bungwelo linakana kuti linalakwa. Mlandu utsale kwa oweruza, koma chimene chikuonekeratu n'chakuti nkhani inafika kwa mlendo wa ku London mpanda usanafike kwa mlimi wa m'malire, ndipo kutsatsa kotere sikungatchedwe kokhalitsa.

Maiko a pazilumba anazindikira msanga zimenezi chifukwa alibe malo obisalako zinthu zikawonongeka. Mauritius, amene chuma chake chinkadalira nzimbe monga mmene cha Malawi chimadalirira fodya, anakhazikitsa mu 1996 bungwe lapadera lotsatsa dzikolo limene limagwira ntchito ndi eni mahotela, ndipo mliri wa Covid-19 usanabwere ankalandira alendo oposa 1.3 miliyoni pachaka. Seychelles inayambitsa chizindikiro chimene hotela imapatsidwa ikasonyeza kuti imasamala madzi, magetsi ndi zinyalala komanso imapindulitsa anthu a m'deralo, kotero chimene chimalengezedwa kunja chimayamba chayesedwa kunyumba.

Ku Kasungu maziko a njira yotere analipo kale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 nthambi ya mapaki inalola anthu oyandikana ndi nkhalango kuika ming'oma ya njuchi ndi kutola matondo m'kati mwa paki, ndipo lamulo la 1992, limene linakonzedwanso mu 2004, linatsegula khomo loti midzi itenge nawo mbali pa kasamalidwe ndi phindu la nyama. Phindulo limadalira kuchuluka kwa alendo olipira pachipata, amene ku Kasungu akadali ochepa powayerekeza ndi a ku Liwonde. Derali lili ndi zambiri zoonetsa kuwonjezera pa njovu, monga ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo, zojambula za pamiyala, phiri la Kasungu ndi Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005. Masomphenya a Malawi 2063 amatchula zokopa alendo pakati pa ntchito zofunika kukweza chuma, koma mlimi wa ku Santhe amene akuyembekezera mitengo ya ku okushoni ya Chinkhoma adzayamba kuiwerengera pakiyo ngati chuma pokhapokha uchi wake, mtedza wake ndi ntchito za ana ake zitalowa m'mapangano a boma ndi eni malo ogona.