Lamya ya M'manja ndi Odwala a Kumudzi: Mbiri ya ku Namitete

Usiku uno tikamba mbiri ya cinthu cimene cinayambira kwanu konkuno, ndipo pambuyo pace cinafika ku maiko akutali.

Cipatala ca St Gabriel ku Namitete cinatsegulidwa m'caka ca 1959 ndi masisitere a Carmelite ocokera ku Luxembourg. Pamene matenda a Edzi anacuruka m'dziko muno, odwala ambiri anali kugona m'nyumba zao, pakuti nthenda yao inali yosacizika. Nchito yotsala inali kucepetsa ululu, kutsuka zironda ndi kutonthoza banja. Cifukwa cace cipatala cinaphunzitsa anthu odzipereka a m'midzi kuti azizonda odwala otere.

Koma bvuto lalikuru linali mtunda. Cipatala cimeneci cinali kutumikira anthu ngati 250,000. Mankhwala a ululu akamthera wodwala, wodzipereka uja anali kusiya khasu lace tsiku lonse, nayenda mamailosi ambiri pansi kapena pa njinga kukanena. Namwino nayenso anali kutha petulo pa njinga ya moto, osadziwa mudzi umene unali kumfuna koposa.

M'caka ca 2007 mnyamata wina wa pa sukulu yaikuru ya Stanford ku America, dzina lace Josh Nesbit, anadza kudzathandiza pa cipatalapo, naona zobvuta zimenezi. M'caka ca 2008 anabweranso ndi malamya a m'manja akale ngati 100, kompyuta imodzi, ndi pulogalamu yochedwa FrontlineSMS, imene Ken Banks anaipanga mu 2005.

Kagwiridwe kace kanali kotere. Kompyuta ikhala pa cipatala. Wodzipereka ali kumudzi alemba uthenga waufupi pa lamya, kunena kuti uje wafoka, kapena mankhwala atha. Uthengawo ufika pa kompyuta nthawi yomweyo. Namwino auwerenga, nayankha, kapena anyamuka ndi mankhwala oyenera kupita kumene kuli wodwalayo. Intaneti siinafunike ai, pakuti mauthenga anali kuyenda pa SMS.

Odzipereka 75 anaphunzitsidwa njira imeneyi. Itapita miyezi 6, anawerenga napeza kuti maola a nchito oposa 2,000 anapulumuka, petulo wa madola ngati 3,000 sanaonongeke, ndipo ciwerengero ca odwala cifuwa cacikuru olandira cithandizo cinawirikiza kawiri. Mu 2009 kunabadwa bungwe la FrontlineSMS:Medic, limene pambuyo pace linachedwa Medic Mobile, ndipo linatengera nzeru ya ku Namitete ku maiko ena a Africa ndi Asia.

Tsono mverani, inu eni midzi. Lamya siicotsa ululu. Acotsa ululu ndi mankhwala, monga morphine, ndi manja a munthu wosamala. Nchito ya lamya ndiyo kufupikitsa njira basi. Uthenga sungatumizidwe ngati wodwala wabisidwa m'nyumba cifukwa ca manyazi. Mfumu iri yonse idziwe odwala a m'mudzi mwace ndi munthu amene awazonda. Ndipo inu alimi, mnzanu akakhala pa matenda nyengo ya dzinja, mumpalirireko munda wace, kuti njala ingatsate pambuyo pa nthenda.

Tsalani bwino, tidzacezanso sabata ya mawa.