Kasamalidwe ka Makatiriji a Magemu Akale ku Mzimba

Katiriji ndi kabokosi ka pulasitiki komwe mkati mwake muli kathabwa ka magetsi kosunga gemu. Amakalowetsa pakamwa pa makina olumikizidwa ku TV, gemu n'kuyamba. Ena amangoti kaseti, dzina lomwe ngakhale kampani ya Nintendo inkagwiritsa ntchito ku Japan. Makinawo ambiri amawadziwa kuti TV gemu, ndipo amabwera ndi mapadi awiri, adaputa, waya wopita ku TV, kawirikawiri ndi kamfuti koombera abakha. Gemu yosungidwa mkati siifa wamba. Zomwe zimayamba kufooka ndi mano achitsulo a m'mphepete mwa katiriji, mawaya ndi mbali ya magetsi, ndipo izi ndi zomwe mwini wake angathe kuziteteza.

Mmene zinafikira ku Mzimba

Nintendo inatulutsa makina otchedwa Famicom ku Japan pa 15 July 1983, ndipo mu 1985 anafika ku America ndi dzina loti NES. Omwe anafala kumwera kwa Africa ambiri sanali a Nintendo, anali otengera, opangidwa ku Taiwan ndi ku China. Makatiriji awo, ambiri achikasu, ankalembedwa kuti muli magemu 999 kapena kuposa, pomwe mkati muli ochepa obwerezabwereza, monga Super Mario Bros., Contra, Battle City ndi Duck Hunt.

Boma la Mzimba limadziwika ndi ulendo wa ku Joni kuyambira nthawi ya Wenela. Njira yomwe inkabweretsa njinga, mawailesi ndi mabulangete ndi yomwenso inadzabweretsa ma TV ndi zoseweretsa zake pa boma, ku Jenda, ku Embangweni ndi ku Edingeni. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, choncho kwa ambiri omwe anali ndi TV chakacho chisanafike, ntchito yake inali mafilimu a pa tepi ndi magemu. Nintendo inasiya kupanga Famicom mu 2003 ndipo inasiya kukonza owonongeka mu 2007. Katiriji yeniyeni ya nthawi imeneyo ikawonongeka, palibe fakitale yomwe ingapange ina.

Mano a katiriji

Katiriji ya Famicom ndi zotengera zake ili ndi mano 60, ya NES ili ndi 72, ya makina ena otchedwa Sega Mega Drive ili ndi 64. Dzino lililonse liyenera kukhudzana bwino ndi linzake la mkati mwa makina. Limodzi lokha likada, TV imangoonetsa mtundu umodzi, kapena Mario amatuluka ali zidutswazidutswa pakati pa zilembo zosamveka.

Ku Mzimba adani a manowa amasinthana ndi nyengo. Kuyambira May mpaka October kumakhala fumbi, lomwe limalowa paliponse m'nyumba zoyandikana ndi misewu ya dothi. Mvula ikayamba, fumbi lomwe lija limayamwa chinyezi n'kusanduka litsiro lomata, ndipo chitsulo chimayamba kuda kapena kubiriwira. Utsi wa mbaula umaonjezera mwaye, pomwe mphemvu zimakonda kubisala m'makina chifukwa mumafunda.

Koma mdani wamkulu ndi pakamwa pa mwini wake. Aliyense amene anasewerapo amadziwa mwambo wake: gemu ikakana, mwana amazula katiriji, kuiuzira mwamphamvu kawiri katatu, kuibwezera, n'kudikira atagwira mpweya. Nthawi zambiri gemu imayambadi, n'chifukwa chake mwambowu ndi wovuta kuuthetsa. Chomwe chathandiza ndi kuzula ndi kubwezerako, popeza mano akhala malo atsopano. Mpweya wa m'kamwa umasiya chinyezi ndi timalovu, ndipo zimenezi ndi zomwe zimadya chitsulo pang'onopang'ono. Kunyambita mano, komwe ana ena amachita, n'koipa kuposa pamenepo.

Kapukutidwe kake

Chofunika ndi spiriti ya mtundu wa isopropyl, ya mphamvu 90 pa 100 kapena kuposa, chifukwa imauma msanga osasiya madzi. Malo oyamba kufunsa ndi kwa okonza mafoni ndi mawailesi. Spiriti yofiirira ya m'mafamase imachotsa litsiro ndithu, koma imasiya utoto, choncho pamafunika kupukutanso ndi thonje louma. Kachasu ali ndi madzi ambiri. Petulo, thina ndi mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo zimawononga pulasitiki.

Kathonje ka pa kamtengo amakanyowetsa pang'ono, osati mpaka kudontha, n'kupukuta mano mbali zonse ziwiri. Kathonje koyamba kamatuluka kakuda bii, kachiwiri kotuwa. Amasinthabe mpaka komaliza katuluke koyera, kenako n'kudikira mphindi zingapo kuti paume. Litsiro lokakamira limachoka ndi labala yoyera ya pensulo, bola nyenyeswa zake zichotsedwe zonse.

Sandipepa, lezala ndi waya wotsukira mapoto siziyenera kufika pa mano amenewa. Zimawalitsadi tsiku loyamba, koma zimapala kachitsulo kopyapyala kotetezera pamwamba, ndipo mkuwa wapansi umada msanga kuposa kale. Makatiriji otengera ndiwo sapirira n'komwe, chifukwa chitsulo chawo n'chopyapyala kwambiri, ndipo gemu yawo imakhala pansi pa kadontho kakuda kooneka ngati phula, komwe sikangachotsedwe kapena kusinthidwa.

Kutsegula bokosi si kofunika pokhapokha ngati mwalowa madzi. Makatiriji ambiri a Famicom amagwirana ndi timano ta pulasitiki tomwe timathyoka tikakalamba. Ambiri a NES ndi a Super Nintendo amamangidwa ndi ma screw apadera ofuna chomasulira cha mamilimita 3.8. Chipepala cha dzina la gemu chisakhudzidwe ndi spiriti, chifukwa utoto wake umasuluka.

Pakamwa pa makina pamapukutidwa magetsi atazulidwa kukhoma. Khadi lakale lolimba amalikulunga ndi kansalu kopyapyala kopanda ubweya, kulinyowetsa ndi spiriti, n'kumalilowetsa ndi kulitulutsa molunjika. Kuliyendetsa cham'mbali kumapinda mano.

Magetsi

Makina ambiri amafa ndi adaputa yolakwika. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, pomwe a ku Japan ndi 100, a ku America 120, choncho adaputa yochokera kumeneko imapsa ikangolowetsedwa kukhoma. Ya ku South Africa imagwirizana ndi mphamvu ya kuno, kusiyana ndi pulagi chabe. Famicom imafuna mavoti 10 a DC, negetivu ili pakati pa kapulagi, pomwe adaputa ya NES imatulutsa AC ndipo ikhoza kuotcha Famicom. Mega Drive yoyamba ndi yachiwiri nazo zimasiyana: yoyamba ili ndi negetivu pakati, yachiwiri pozitivu. Zonsezi zimalembedwa pa adaputa ndi pansi pa makina, ndipo n'zofunika kuziwerenga.

Kumidzi komwe amadalira sola ndi batire ya galimoto, kulumikiza makina mwachindunji ku mavoti 12 kumatenthetsa kwambiri kachipangizo kotsitsa mphamvu kufika pa mavoti 5, ndipo kusemphanitsa mawaya kamodzi kokha kukhoza kupha makinawo. Magetsi akazima, kapena kukayamba ziphaliwali, adaputa izulidwe.

Makatiriji ena osunga pomwe wosewera walekezera ali ndi kabatire kozungulira mkati, CR2032 m'a NES ndi Super Nintendo. Kakatha mphamvu, zosungidwa zimafufutika. Kusintha kwake ndi kwa wodziwa kuwotcherera.

Mapadi ndi kamfuti

Batani likayamba kufuna mphamvu, vuto limakhala thukuta ndi fumbi pansi pa labala ya mkati mwa padi. Padi amaimasula, labala n'kuitsuka ndi madzi a sopo, kuiumitsa bwinobwino pamthunzi, ndipo kathabwa kamkati n'kukapukuta ndi spiriti mopepuka. Waya umaduka mkati pamalo polowera m'padi, makamaka chifukwa cha chizolowezi chouzunguliza mothina pa padiyo. Mapadi a makina otengera okhala ndi mabowo 9 amafanana ndi a Mega Drive pamaso, koma mawaya ake ndi osiyana ndipo sasinthanitsidwa.

Posunga, makatiriji amakhala bwino m'bokosi lotsekeka la pulasitiki, pamalo okwera, kutali ndi khoma lonyowa ndi dzuwa la pawindo lomwe limachititsa pulasitiki kukhala yachikasu.

Kamfuti kali ndi kadiso kagalasi kumphuno kwake, komwe kamangofuna thonje louma. Munthu akakoka chowombera, TV imada kwa kanthawi kochepa kwambiri, kenako pamalo pa bakha pamabwera kabokosi koyera, ndipo kadisoko kamaona kuwalako. Ma TV amakono opyapyala amachedwa pang'ono kuonetsa chithunzi, motero kamfuti kabwinobwino kamaphonya bakha aliyense, ndipo ambiri amakataya poganiza kuti kafa. Duck Hunt imafuna TV yakale ija yagalasi lokhuthala, yotupa kumbuyo.